Mzere wa Kumpanda

Misa itatha, Notburga sanapite kukathirira maluwa pamanda a mwamuna wake monga ankachitira. Anaima pakhomo la tchalitchi, maso ali pa Kassian, mlamu wake. Ankafuna aone ngati nkhope yatuwa kapena miyendo ikudzandira. Koma nkhalambayo inatuluka ili gwa, kaliwo ali kukamwa.

Linali Lamulungu lachitatu chikumbireni mbava m'munda mwake.

Mundawo unali pamwamba pa mudzi, kumene ng'ombe zimakadya m'nyengo yotentha. Malemu Ambros, mwamuna wake, ndiye anafesamo enziyani. Chomerachi n'chaulesi. Chimatha zaka khumi chisanaonetse duwa lake lachikasu, ndipo muzu wake wowawa, umene anthu amaviika m'kachasu kuti uchize m'mimba, umafuna zaka makumi awiri. Ambros anamwalira zitangokwana khumi ndi zinayi. Kuyambira tsiku limenelo Notburga sanalole munthu kukhudzamo. Ngakhale mwana wake Vinzenz, amene anakulira ku fakitale ya matabwa osati ku phiri, atapempha kamuzu kamodzi ka m'mimba mwake movutamo, anauzidwa kuti kusitolo kuli mapiritsi.

Komabe chaka ndi chaka, ng'ombe zikangotsika ku phiri, ankapeza maenje atatu kapena anayi m'mbali mwa mpanda. Kuseri kwa mpandawo kunali busa la Kassian. Kassian ankatcheza kachasu, ndipo pa maliro a Ambros penipeni anauza anthu kuti mbewu zija mng'ono wake anazitenga kwa iye. Umboni wina ukanafunikanso wanji?

Choncho chipale chofewa cha nyengo yozizira chitangosungunuka chaka chino, Notburga anatsikira kudambo kukazula gerima. Gerima ndi enziyani zimafanana ngati ana a mimba imodzi, zonse masamba aakulu amizeremizere. Wozidziwa amayang'ana pa tsinde: masamba a enziyani amatuluka awiriawiri moyang'anizana, a gerima limodzilimodzi mosinthana. Ng'ombe imadziwa, siyandikirako. Munthu akamwa muzu wa gerima amasanza, kenako mtima umayamba kugunda mozengereza mpaka kuiwala ntchito yake.

Anaoka mzere wathunthu wa gerima m'mbali mwa mpanda, m'maenje omwe aja mbava inasiya. Anaulera bwino kuposa kabichi wake. Nyengo yokumba itayandikira anamweta masamba onse kuti patsale zitsa zokha. Chisoni analibe ngakhale pang'ono, ndipo atapeza maenje anayi atsopano anatsika phiri akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

"Mwandiyang'anitsitsa chonchi bwanji, alamu?" anatero Kassian atafika pomwe iye anaima. "Mukundiyeza bokosi?"

"Ndimati ndione ngati zakuba zija zakukhalani bwino m'mimba."

"Mwayambanso. Zaka zisanu ndi chimodzi nyimbo yomweyo, simutopa? Ine kudumpha mpanda ndi mawondo awa? Muzu wanga ndimakakumba kuseri kwa phiri, ndipo ndimaudziwa ndi mphuno yokha. Timaluwa tanuto mutitenge, mukagone nato kumanda."

"Wokagona kumanda tiona kuti ndani."

Kassian analavula pambali n'kulunjika kumalo omwera mowa. Notburga anamuperekeza ndi maso, mtima uli m'malo. Adzitame choncho. Muzu umafuna milungu itatu m'botolo kuti utulutse mphamvu, ndipo milungu itatuyo yakwana lero. Munthu wadyera ngati uyu sangadikire mawa. Anayamba kuganiza za diresi lakuda, ngati lingamukwanebe.

Anthu atachepa pabwalo, mpongozi wake Traudl, mkazi wa Vinzenz, anabwera ali yekha, buku la nyimbo lili m'khwapa. Mtsikanayu nthawi zonse ankalankhula ngati wapalamula, ndipo zimenezi zinkamunyansa Notburga.

"Mwamuna wanu ali kuti? Tchalitchi chamukwana?"

"M'mimba muja, amayi. Chakudya chadzulo sichinakhazikike. Koma musadandaule, pofika madzulo akhala atachira. Ndawasiyira botolo pathebulo, akuti lero ndiye lapsa."

"Botolo lanji?"

Traudl anayang'ana pansi, akupotokola kachingwe ka buku lija.

"Anandiletsa kunena, koma ndatopa kumva mukutukwanizana ndi bambo aakulu, a Kassian. Chaka chilichonse amakatengako pang'ono, poti mankhwala a bambo awo okha ndiwo amawathandiza. Amatenga a kumpanda okha, amayi, kuti asakuonongereni munda."