Tchizi Chomaliza cha Firmin

Nditatsegula filiji, inandilandira ndi fungo la sopo. Mbale yabuluu ija inali mbee, yopanda kanthu.

"Shelby! Tchizi changa chili kuti?"

Mtsikana wa ku America uja, amene yunivesite inamutumiza kuti azikhala kwanga kuno ku Lyon, m'dziko la France, anatulukira akumwetulira, magolovesi akadali m'manja. Anali asanathe ngakhale milungu iwiri.

"Ndakutsukirani filiji, Mayi Odile! Chinali chitaola, nkhungu yokhayokha, fungo ngati la sokosi. Ndataya."

"Wataya? Wakutuma ndani iwe? Kwanu mumadya zam'mapulasitiki zosamveka kukoma, ndiye wabwera kudzatiphunzitsa ukhondo? Nkhunguyo ndiye tchizicho!"

"Pepani, ndikagula china kusitolo."

"Kusitolo!"

Tchizicho mchimwene wanga Firmin anachiumba ndi manja ake, ndi mkaka wa mbuzi zake, kutatsala masiku asanu kuti mtima wake uime. Mbuzizo tinagulitsa. Ndinkachitembenuza m'mawa uliwonse kuti chikhwime bwino, kudikira Lamlungu la sabata imeneyo kuti ana ake adzadye.

Ndinatsika masitepe osavala nsapato, n'kukhuthulira bini yonse pabwalo. Shelby ananditsatira akulira, n'kunditambasulira magolovesi ake.

"Chotsa zimenezo!"

Ndinafukula ndi manja anga, aneba akusuzumira m'mawindo. Ndinachipeza pansi penipeni, chitapanikizika ndi nsanza zonyowa zotsukira. Pamene Firmin anadina ndi chala chachikulu pankaonekabe.

Ndinachibweretsa pamphuno, ndikufuna kumva fungo la khola lake komaliza.

Chinkanunkha sopo.