Damiano Anazimitsa Kompyuta Osatsanzika

Panali munthu wina dzina lake Damiano, wa ku Lobi. Chaka cha 1998 anapeza ntchito ku ofesi ya bungwe lina pa Dedza boma, yolemba mayina a anthu oti alandire mbewu ndi feteleza. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mlamu wake.

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi yaikulu, imene inkagawira ntchito timakompyuta titatu ta alembi. Mayi Marita, oyang'anira makinawo, anamuuza tsiku loyamba:

"A Damiano, musanazimitse kanuko muziyamba mwadzichotsa m'gulu. Dinani apa, mudikire ikuvomereni. Mukangozimitsa, yaikuluyi imayesa mulipobe, imapitiriza kukupatsani ntchito."

"Ndamva, mayi."

Koma kumbali ankauza anzake, "Makina nawonso tiziwatsanzika ngati apongozi?"

Lachisanu lina masana kunayamba kugunda cha ku Chongoni. Mukudziwa kwathu kuno, kukagunda timathamangira kuzimitsa wailesi kuopa mphenzi. Damiano anangozula chingwe kukhoma, uyo kukakwera matola.

Yaikulu ija sinadziwe kuti munthu wapita. Inagawa mayina patatu monga mwa masiku onse. Gawo la Damiano linapita ku kakompyuta kozima, n'kuthera komweko. Munali midzi isanu ya ku Lobi, ndi wakwawo womwe. Palibe anazindikira. Mapepala anasindikizidwa, lole inanyamuka.

Tsiku logawa, mkazi wake Jestina analawirira ku sukulu, mwana kumsana, thumba m'manja. Anthu anaitanidwa mpaka dzuwa kupendeka, dzina lake osamveka. Amayi anzake anamuzungulira.

"Nanga si amuna anu amalemba mayinawa? Atigulitsa eti?"

Jestina anangoweramitsa mutu, n'kubwerera ndi thumba lopinda.

Mmene Mayi Marita ankapeza cholakwacho, patapita masabata atatu, mbewu zinali zitatha, mvula yobzalira itadutsa. Damiano ntchito inathera pomwepo.

"Ndimaopa mphenzi, amake mwana," anatero atafika kunyumba.

"Ndiye inagwa?"

"Ayi."

Jestina anamanga mwana kumsana, n'kutenga khasu kukafuna ganyu m'minda ya eni.

Phunziro: Ukamachoka pamene anthu akukuwerengera, nena kuti ndachoka, ngakhale atakhala makina. Ukangosowa, gawo lako limagwera pansi, ndipo olira amakhala ena, mwinanso ana ako omwe. Ife amayi tatopa kusenza zolakwa za anthu othamanga. Musaisunge nkhaniyi, patsirani anzanu, makamaka aja amati "ndamva" asanamve.