Mabotolo a Kaulusi Kofiira

Panali mayi wina ku Chinsapo, dzina lake Maness, wogulitsa thobwa m'mphepete mwa msewu. Thobwa lake linali lokoma, zimenezo palibe angatsutse. Koma makani! Ukamulangiza ankangokuyang'ana n'kupitiriza zake.

Kolera itavuta m'tauni, akuluakulu a mzinda anaimitsa onse ogulitsa zakudya ndi zakumwa pamsewu. Wofuna kupitiriza ankayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo chiphasocho chinkatuluka azaumoyo akabwera kudzaona pophikira ndi madzi ake.

Mnzake woyandikana naye nyumba, Mayi Dyna, anamuchonderera kuti aitane azaumoyowo. Maness anakana, poti ankadziwa zomwe akanapeza: mabotolo otola m'ngalande, otsukidwa ndi madzi a pachitsime choyandikana ndi chimbudzi.

"Anthu amwa thobwa langa zaka zonsezi. Wafa ndani?" anatero.

Pamsewu anachokapo ndithu, koma malonda sanasiye. Anayamba kupatsa mabotolo amayi ena oyenda ndi mabeseni, pamwamba atayalapo mpiru, kuti azikagulitsa mobisa m'masiteji a minibasi. Kuti mabotolo ake asasokonezeke ndi a ena, ankamanga kaulusi kofiira pakhosi pa lililonse. Chowawa n'chakuti ana ake a pakhomo anawaletsa kulawa thobwa la m'mabotolomo. Lawo linali la mumphika wina, ziwiya zake zotsuka ndi madzi a pampopi. Ndiye kuti mayiyu ankadziwa zomwe ankachita.

Mwana wake woyamba, Tracy, anakwatiwa ku Kawale ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Iyeyu sanauzidwe kanthu, kuopa kuti kuchipongozi angamve zoti mayi ake akuchita malonda obisa.

Lachiwiri lina masana foni inalira. Anali Tracy, akuchokera kusikelo, mawu ake achimwemwe.

"Amayi, lero ndakukumbukirani. Pasiteji ya ku Biwi ndagula thobwa lokoma ngati lanu lenileni, ndamwa mabotolo awiri. Mwini wake ndi waluso, mpaka amamangirira kaulusi kofiira."

Maness anadziwa kuti thobwalo linali lake. Akanatha kuulula pomwepo n'kumuuza mwanayo kuti akangomva m'mimba mwatembenuka athamangire kuchipatala. Koma manyazi anamutseka pakamwa. Anangoti, "Chabwino mwanangu, kapume," n'kudzilimbitsa mtima kuti palibe chichitike.

Lachinayi m'mawa mkamwini wake anaimba. Tracy anali atayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza dzulo lake, koma iwo anachedwa naye pakhomo poganiza kuti ndi zovuta za pakati. Pomwe ankafika kumatenti a odwala kolera n'kuti maso atalowa kale m'kati. Loweruka anamwalira, pamodzi ndi mwana anali m'mimbayo.

Thupi analikonza ndi azaumoyo, nalikulunga m'pulasitiki. Maness sanaloledwe kusambitsa mwana wake, ngakhale kumugwira nkhope. Anaima patali, Mayi Dyna atamugwira mkono kuti asagwe.

Atabwerera ku Chinsapo anapeza amayi a mabeseni aja atamusiyira mabotolo pakhonde, mulu wonse, lililonse ndi kaulusi kake. Onse anali opanda kanthu. Thobwa lonse linali litamwedwa.

Phunziro: Chimene simungapatse mwana wanu musagulitse kwa mwana wa mnzanu, chifukwa simudziwa amene adzaime pasiteji ali ndi ludzu. Azaumoyo akafuna kuona pophikira panu, atsegulireni chitseko, ndipo mukalakwitsa ululani nthawi ikadalipo. Tumizirani uthengawu aliyense wogulitsa kapena wogula zakudya pamsewu.