Ulemu wa Banja la Gwape kwa Mfumu Mkango

Padangokhala, ndipo iyi simudzaimva kwa wina koma ine, padali banja la Gwape limene linkathamangitsa ntchentche pankhope pa Mfumu Mkango kuyambira makolo awo. Mwana woyamba akangoleka kuyamwa, ankamupereka kunyumba yachifumu.

Mayi Gwape ankanyoza Nungu kuti, "Achemwali, ana anuwa ndi minga yokhayokha. Angayandikire mfumu amenewa?"

"Asayandikire," anatero Nungu. "Anga onse amagona pakhomo."

Chaka cha chilala nyama zitasowa, Mkango anadya mwana wa Gwape ali pantchito. M'mawa mwake nduna inabwera kudzathokoza banjalo, nipempha mwana wachiwiri.

Mayi Gwape anamusambitsa, namuperekeza maso ali psuu. Atakumana ndi Nungu panjira, anadzutsa mutu nati, "Wanga ali m'mimba mwa mfumu. Wanu anafikako?"