Kagalasi ka Luwiza

Tamandani ankakazinga mtedza pambaula, koma makutu ake anali kukhonde. Kumeneko kunakhala a Kefasi, bambo ake, pamodzi ndi Luwiza, mkulu wake, yemwe anabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ya kunja.

"Tandiuzanso za kagalasi kaja," anatero a Kefasi.

Tsiku lililonse pempho linali lomwelo, ndipo Luwiza sankatopa nalo.

"Ababa, magalasi amene mumawadziwa ndi otukuka pakati. Aka n'kathyathyathya, kopyapyala kuposa khoko la anyezi. Pamwamba tinapakapo mankhwala omva kutentha. Tikakatenthetsa pang'ono ndi magetsi, tinthu ta m'katimo timafola mizere ngati ana pa asembule, kagalasi n'kumaona patali. Tikakatenthetsa kwambiri n'kukaziziritsa msangamsanga, timabalalika, n'kumaona pafupi. Kagalasi kamodzi, ntchito ziwiri."

"Ee, koma mwana iwe! Nanga kuno ku Mchinji kafika liti?"

"Tikadali kuyesa, ababa. Tiyamba ndi makamera."

A Kefasi anapapasa pazenera n'kutenga kabokosi ka pulasitiki. Munali kagalasi kamodzi komwe kanalakwika popanga, Luwiza anakabweretsa ngati chikumbutso. Ankakasisita kabokosiko m'mawa uliwonse ngati korona.

Tamandani anatakasa mtedza mwamphamvu mpaka wina unagwera pansi. Chimwalirireni mayi awo, ndani ankachapa malaya a bambowa? Ndani ankapalira mtedza m'mamawa kenako n'kuthamangira kusukulu miyendo ili matope? Ndipo anakhoza folomu folo. Tsiku limene dzina lake linatuluka kuti wasankhidwa ku koleji ya unamwino, anathamanga kuchokera kumsika foni ili m'manja. A Kefasi foniyo sanaigwire n'komwe. Anangoti, "Ambuye alemekezeke," maso ali pamtengo wa mango.

Koma chibwerereni Luwiza, njinga ya kabaza ya bambowo inangotsamira khoma. Munthu amene sankajomba pabodala ngakhale mvula igwe chotani, tsopano ankati akufuna kucheza ndi mlendo. Lachiwiri lapitalo Tamandani anawaona awiriwo akudutsa pakati pa mathiraki ndi anyamata osintha ndalama, dzanja la bambo lili paphewa la Luwiza. Iye anali kutsidya la msewu. Anakweza mkono, anakwezanso. A Kefasi anatembenukira komweko, n'kupitirira ngati aona chitsa.

Sanauze munthu. Tamandani sanali wolankhulalankhula, ngakhale kusukulu ankakhala kumbuyo. Zinangokhala pamtima ngati mwala. Kunatsala masiku ochepa kuti akwere basi ya ku koleji, ndipo panalibe amene anamufunsa ngati ali ndi sutikesi.

M'mawa mwake Luwiza anawoloka kupita ku Chipata kukagula zitenje zoti akapatse anzake kunjako. Kunatentha, choncho anasiya jekete yake yachikasu pamsomali. A Kefasi anali kuseri, pamthunzi.

Tamandani anaitenga jeketeyo n'kuivala. Anatsegula botolo la mafuta a Luwiza, onunkhira ngati malalanje, n'kudzola m'manja ndi m'khosi. Chifukwa chake sanachidziwe bwino. Mwina ankangofuna kumva momwe zimakhalira kukhala mwana wowerengedwa.

Kenako maso ake anagwera pazenera.

Kagalasiko kanali kochepa ngati chikhadabo. Kachabechabe kameneka! N'kameneka kamene kanaimitsa njinga, kamene kanachititsa bambo ake kuseka mokweza koyamba chiikireni maliro a mayi. Iyenso sayansi anaphunzira, ndipo zimene Luwiza ankanena anazimva zonse ali kumbaula.

"Si akuti kamamva kutentha?" ananong'ona. "Kamveko makala a ku Mkanda."

Anatenga kabokosiko n'kulowa nako kukhitchini, anagwada pambaula, n'kukatsegula, n'kukapendeketsa. Kagalasi kanatsetsereka n'kugwera pakati pa makala ofiira, osamveka n'phokoso lomwe.

Pomwepo anamva kukhwekhwereza kwa masilipasi. A Kefasi anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja lili pafelemu. Dzuwa linali paliwombo, kuwala kuli mbee. Anali pafupi moti akanatha kumugwira. Nkhope yawo inalunjika pa iye, pa jekete yakubayo, pa kabokosi kopanda kanthu kali m'manja mwake.

Tamandani anauma. Anadikira kukalipiridwa, ndipo penapake mumtima anakondwa kuti lero pokha amuyang'ana.

A Kefasi ananunkhiza, n'kumwetulira, n'kutsitsa mawu.

"Luwiza, wabwerako kale? Mng'ono wako wachokapo eti? Mvera kuno. Za maso angawa usamuuzebe mpaka akwere basi. Ndimamudziwa ameneyo, akangomva kuti kwandidera, kukolejiko sapita. Inu ingofulumirani nako kagalasiko, ndidzamuoneko atavala yunifolomu yake yoyera."

Tamandani anapisa zala m'makala kufunafuna kagalasi kaja.