Kudikira Mutu wa Abwana

Kamphepo anali atatafuna chivindikiro cha bolopeni mpaka kuphwatalala, koma malo amodzi pafomu ya koleji anali adakali mbee. Dzina analemba, tsiku lobadwa analemba. Atafika pofunsa kuti "Maphunziro amene mwasankha," dzanja linakana. Dzanja lomwelo limene limagawa makadi ku kasino mwaliwiro, mpaka anzake kumupatsa dzina loti Kamphepo.

Mantha analipo, koma chimwemwe ndiye chinachita kusefukira. Eni ake atsopano a kasino anali atalengeza kuti kutsogoloku manijala azikhala ndi digiri, ndipo analonjeza kulipirira wantchito wofuna kuphunzira. Kosi imodzi basi, yosasintha pakati. Ukaphonya waphonyeratu. Mtsikanayo ankadziona kale ali mu suti, makiyi ali lendelende m'chiuno, akuyenda pakati pa matebulo manja ali kumbuyo. Vuto linali loti windo lolandirira mafomu linkatsekedwa 12 koloko, ndipo nthawi inali itapita kale.

Nanga taonani amene anakhala naye pabenchi! Abwana enieni, manijala wa kasino yonse kwa zaka makumi awiri. Anawapeza pageti la koleji m'mawawo, tayi ali pakhosi, nsapato zili waliwali. Iwo anangoti, "Tiye." Kamphepo anatsala pang'ono kuvina pamasitepe. Ogawa makadi alipo makumi atatu, koma woperekezedwa ndi abwana ndi iye yekha! Uthenga anali atatumiza kale kwa mayi ake, kwa azakhali, ngakhale kwa chibwenzi chakale kuti chimve kuwawa.

Kuntchito kwawo kuli lamulo. Kasitomala akapambana zambiri, wogawa makadi sapereka kanthu mpaka atacheuka n'kuona abwana agwedeza mutu. Amagwedeza kamodzi kokha, pang'ono, ngati munthu woodzera m'basi. Zaka zinayi Kamphepo wakhala akuyendera mutu umenewo, ndipo sunamusocheretsepo. Lero ankaufuna kuposa masiku onse.

"Bwana, kodi inuyo munaphunzira chiyani?" anafunsa.

"Iweyo ukuona ngati manijala amafunika chiyani?" anayankha abwana, maso ali pachikwangwani cha mndandanda wa makosi.

Eee, mayeso amenewo! Kamphepo anamwetulira yekha. Anthu ozama ndi otero, ukawafunsa amakufunsa. Anakhala tsonga n'kuyamba kutchula, uku akucheuka monga amachitira patebulo.

"Akaunti?"

Mutu unali chilili.

"Komadi," anadziyankha yekha, "a akaunti alipo kale atatu m'kachipinda kakumbuyo kaja, ndipo dzuwa amalimvera kwa anzawo. Zamalamulo?"

Abwana anakanda chibwano.

"Masamu?"

Abwana anatsokomola, natulutsa kampango n'kupukuta pachipumi. Kamphepo anaseka chamumtima. Ukalakwa, abwana sakalipa, amangokumvera chisoni chonchi.

Mzere wa kuwindo unkafupika. Pakamwa pa Kamphepo panangotseguka pokha.

"Bwana, ine ndikuona kuti ntchito yathuyi ndi anthu. Munthu waluza, mtima uli m'mwamba, akufuna kugubuduza tebulo. Pamafunika womukhazika pansi, kumupatsa madzi, kumuuza mwaulemu kuti azipita kwawo asanagulitse galimoto. Kukhitchini gasi watha, woimba sanabwere, alonda akokana makolala. Zonsezo zimagwera manijala. Ndiye si za mahotela ndi kusamalira alendo zimenezo?"

Abwana anatembenuka thupi lonse.

"Tabwereza."

Anabwereza, n'kuwonjezanso za mayi wina amene anakomoka atapambana.

"Ili pa nambala chani pachikwangwanipo?"

"Folotini, bwana."

Mutu unagwedera. Osati kamodzi ayi, katatu konse! Chiyambire ntchito, Kamphepo anali asanaonepo zoterozo. Analemba mwachangu zilembo zikuluzikulu, nadzuka. Chifukwa cha chizolowezi anawomba m'manja n'kuonetsa zikhato kudenga, monga amachitira pochoka patebulo kuti kamera ione kuti sanabise kanthu. Anyamata a pabenchi ina anafa nacho chiseko. Iyenso anaseka nawo, analibe nazo ntchito. Munthu wosankhiridwa ndi katswiri amachita manyazi ndi chiyani?

Pawindo panali mayi wa magalasi, wotopa ndi anthu. Anawerenga fomu ija, naimenya chidindo, phaa! Kamphepo anamva ngati amupatsa kale makiyi aja. Anapatuka pang'ono kuti abwana afike, poganiza kuti amunenerera mawu awiri atatu, akoleji adziwe kuti mwanayu si wamba.

Mayi uja anawayang'ana abwana pamwamba pa magalasi.

"Bambo inu, mwabweranso? Lero ndi tsiku lachitatu mukuzungulira pano ndi fomu yanu. Mwasankha tsopano?"

Abwana anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. "Folotini, mayi," anatero. Kenaka anamunong'oneza Kamphepo: "Ine ndinalekezera kusekondale, mwanawe. Ndimadikira wanzeru asankhe kuti ndionere. Lolemba undisungire mpando pafupi ndi iwe."