Makutu a Nesi wa Mawa

Nesi wa Mawa anakulunga lamba wopimira BP pamkono wa bambo wina wachikulire. Dzinali anamupatsa ndi oyandikana nawo nyumba, chifukwa chaka ndi chaka ukamufunsa za chiphaso cha unamwino, yankho linali lomwelo: mawa. Sukulu anamaliza kalekale. Anzake anali m'mawodi, ena atayamba kale kunenepa. Iye aka kanali kachinayi kulowa m'chipinda cha mayeso chomwechi, chonunkha sipiriti, cha bedi limodzi ndi fani yosazungulira.

Mayi woyesa anakhala pambali pake, nkhope ili gwa. Chomverera kugunda kwa magazi chinali cha anthu awiri, mapaipi ena m'makutu mwa Nesi, ena m'makutu mwa mayiwo. Chomwe amve iye, amvanso iwo. Wopimidwayo anali mlonda wa pasukulupo, munthu wojintcha, womwetulira, wooneka kuti chimfine chomwe chimamuopa.

Pa BP pomwepa ndi pamene Nesi anagwera ulendo woyamba. Mantha atamugwira, anatchula nambala yokwera zedi pa mtsikana wabwinobwino, ndipo woyesa wa tsikulo anamufunsa ngati makutuwo anangoikidwa kuti akongoletse mutu. Mawuwo anamera mizu mumtima mwake. Maulendo enawo anagwa pa zina, koma iye ankadziwa pomwe panagona nthenda yake: makutu ake ankawonjezera nambala.

Umboni unali kunyumba. Bambo ake, mmisiri wokhoma malata, anamupezera chopimira choti aziphunzirira. M'mawa uliwonse ankakhala patebulo, n'kupinda malaya.

"Anesi anga, mkonowu ndi wanu. Finyani mpaka mukhoze."

Ankafinyadi. Koma nambala inkangotuluka ya munthu wogonekedwa m'chipatala. Pa bambo okwera makwerero atasenza lata, odya ngati anyamata awiri, oseka mpaka galu wa eni kuuwa! Zinali zamanyazi. Nesi ankangomasula lamba msangamsanga n'kunena kuti, "Zili bwinobwino, bambo." Nanga akanati chiyani? Kuti mwana amene amudikira zaka zonsezi satha ngakhale kumva kugunda kwa magazi?

Bodzalo linkamudya ngati chiswe. Miyezi yapitayi bambowo ankakonda kudzigwira kunkhongo, kudandaula mutu, ndipo Nesi sankafunsa n'komwe. Ankadziwa kuti mutu wowapwetekawo ndi iyeyo. Anzawo amsinkhu wawo anali atapuma, akusewera ndi zidzukulu. Iwo ankakalambira padenga, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha mwana wosakhoza mayeso. Akanati azimukalipira bwenzi zili bwinoko, koma munthuyo sanatulutsepo liwu lowawa, ndipo kukoma mtimako n'kumene kunkamulasa kwambiri.

M'mawa wa tsikuli anawapimanso komaliza. Kugunda kunayambira pa 200. Misozi inalengeza, poona kuti makutu akumuchita chipongwe ngakhale pa tsiku la mayeso. Anawanamizanso. Bambowo anamusisita paphewa, namukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kenako anatenga hamala yawo n'kupita kukakhoma denga la nyumba ina yosanja.

"Tikudikira," anatero mayi woyesa.

Nesi anapopa kampira mpaka lamba anathina. M'chipindamo munali zii. Anamasula mpweya pang'onopang'ono, maso ali pa kamuvi kamene kankatsika. Anapempha chamumtima kuti kugunda kudikire, kudzayambire pansi, pa nambala ya anthu athanzi.

Du. Du. Du. Pa 180.

Zija zayambanso. Anayang'ana mlonda uja, yemwe anali akumwetulirabe, masaya ali phuliphuli. Munthu wotere sangapose 120 pa 80, ndipo nambala imeneyi inali kale kunsonga kwa lilime, poti kunama anali atakuzolowera. Koma anakumbukira mkono wa bambo ake patebulo paja, ndi bodza la m'mawa uliwonse. Anatopa nalo. Ngati n'kugwa, agwe ndi zomwe wamva, akawauze bambowo chilungamo kuti unesi wamukana, asiye kudzipha ndi madenga a eni.

"Ndamva 180 pa 110, mayi," anatero ndi mawu otsika. "Pepani. Ndikudziwa kuti ndalakwitsa. Makutu angawa amawonjezera."

Mayi woyesa anachotsa mapaipi m'makutu, nalemba pa pepala lawo mosafulumira. Kenako anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwalakwitsa chiyani? Inenso ndamva 180 pa 110. Abambowa ndi odwala BP, ndipo tinachita kuwasankha dala chifukwa saoneka. Anzanu onse amene alowa muno angowayang'ana masayawa n'kunditchulira 120." Kwa nthawi yoyamba mayiwo anamwetulira. "Makutu anu ndi akuthwa, anesi. Musadzawakayikirenso."

Mawu amene anawadikira zaka zinayi anafika, koma Nesi anazizidwa thupi lonse. Anacheukira pawindo, naona dzuwa lili paliwombo. Makutu ake sanamunamizepo za bambo ake ngakhale tsiku limodzi. Wonama anali iye, ndipo munthu wa 200 uja pa nthawiyo anali pamwamba pa nyumba yosanja, hamala ili m'manja.